Bomba la ku Tunduma

Nkhani iyi anandiuza ndi Blackson Msukwa, makaniko wa kuseri kwa msika pa Chitipa boma. Ndinkadikira galimoto ya ku Nthalire, ndipo a galimotoyo anandiuziratu kuti siinyamuka isanadzaze, ndiye ndinakabisala dzuwa pagalaja ya Blackson, n'kukhala pa tayala lakutha. Ine ndikayandikana ndi munthu wogwira ntchito pakamwa sipakhala chete. Ndinamufunsa za chipaipi chakuda chimene ndinkachiona pa magalimoto ena a kumeneko, chotuluka m'mbali mwa boneti n'kukwera motsatira galasi mpaka kudenga.

"Chimenecho ine ndimachitcha chitamba," anatero Blackson. "Galimoto imapumira pamenepo. Chinamutayitsapo galimoto mayi wina kuno, chisanaikidwe n'komwe."

Mayiyo dzina lake Dorothy, kwawo ku Chiradzulu. Anakwatiwa ndi Vitumbiko Simbeye, mwana wa ku Chitipa konkuno amene anakhalitsa ku Blantyre pa ntchito ya udalaivala. Atapuma ntchito, Vitumbiko anagula pikapu yakale ya dizilo, yokoka ndi matayala onse, n'kutenga mkazi ndi ana kubwera nawo kwawo. Ankatsitsa khofi ku Misuku, ankakatenga chimanga ndi nyemba ku Nthalire, ndipo m'maulendo amenewo anamuphunzitsa mkazi wake chiwongolero. Vitumbiko sanadyerere. Asanazolowerenso bwino kwawo anadwala n'kumwalira.

Maliro atatha achibale anakhala pansi. Wilson, mkulu wake wa malemuyo, ananena kuti galimoto ipite kwa iye, aziiyendetsa n'kumadyetsa ana. Dorothy anakana. Anati manja ali nawo, msewu akuudziwa. Anakokanakokana mpaka akuluakulu anadula pakati: galimoto ikhale ndi Dorothy bola ikuyenda, koma tsiku limene idzakhale pa miyala, matayala ali m'mwamba, Wilson adzaitenga, adzaikonza, ndipo idzakhala m'manja mwake. Dorothy anavomera ndi pakamwa pake, anthu onse akumva.

Kuchokera pamenepo mayiyo ankaona dzanja la Wilson paliponse. Tayala likaphwa, ankauyang'anitsitsa msomaliwo ngati uli ndi dzina. Wilson akatumiza mkoko wa nthochi za ku Misuku, unkathera kwa anansi. Akakumana pamsewu ankapatsana moni bwinobwino, Dorothy ndi Chitumbuka chake chochepa chija, monire, yewo chomene, n'kudutsana. Dorothy ankapitabe kwa Blackson chifukwa ndi amene ankaidziwa injiniyo kuyambira mwini wake ali moyo, koma naye ankamuonera m'mbali, poti Blackson ndi Wilson amaimba kwaya imodzi kutchalitchi.

Mvula itasiya, fumbi litayamba, galimoto inayamba kulemera pa zitunda. Dorothy anapita nayo kugalaja. Blackson anatsegula boneti, anamasula paipi yolowetsa mpweya mu injini, anapisamo chala n'kumuonetsa. Chala chinatuluka chofiira.

"Mama, galimoto yanu ikudya dothi."

"Lalowa bwanji?"

"Bokosi ili la fyuluta linang'aluka kalekale. Amuna anu analimanga ndi malegeni, onani. Malegeni aola. Ndiye fumbi likulambalala fyuluta, komanso mpweya umene ikukoka ndi wotentha wa m'boneti momwemu. Injini imafuna mpweya wozizira, woyera."

"Linang'aluka lokha?"

"Misewu yathu ino ing'alula ndi munthu yemwe."

Anamufotokozera kuti bokosi la mtundu umenewo silipezekanso, ndiye asankhe china choika m'malo mwake. Iye anatchula chitamba: bokosi lotseka bwino mkati, ndi paipi yokatenga mpweya kumwamba, kumene fumbi la matayala silifika kwambiri ndipo madzi a pamtsinje safikako. Dorothy anamvetsera manja ali m'chiuno. Anati akaganiza, ndipo anaisiya galimoto kuti aisinthe oyilo, iye n'kulowera kumsika.

Zimene zinachitika kenako anadzazinena yekha pambuyo pake. Atafika kumsika anapeza kuti foni waisiya pampando wa galimoto, ndiye anabwerera. Galaja ya Blackson ndi yotchinga ndi malata akale, ndipo kanjira kachidule kochokera kumsika kamadutsa kuseri kwa malatawo. Ali pamenepo anamva mawu a Wilson mkati, ndipo anaima.

Wilson ankalankhula pafoni m'Chiswahili ndi munthu wa ku Tunduma, kutsidya kwa malire ku Tanzania. Dorothy Chiswahili sankachimva, koma liwu limodzi linkabwerabwera, ndipo limenelo analimva bwino lomwe. Bomba. Bomba. Kenako foni inadulidwa.

"Bomba lija lapezeka," anatero Wilson kuuza Blackson. "Lifika Lachisanu kuchokera ku Tunduma. Uliike pa galimoto ya mulamu, koma asadziwe kuti lachokera kwa ine. Akangodziwa, basi zalephereka."

"Nanga akandifunsa kumene ndalitenga?"

"Unene kuti ku Karonga."

Dorothy anabwerera kumsika foni osaitenga. Sikuti anaganiza za bomba la kunkhondo, ayi, sanali mwana. Anakhala ndi dalaivala zaka zonsezo, ndipo ankadziwa kuti anthu a m'magalaja ali ndi kalankhulidwe kawo. Ankadziwanso kuti kuli zipangizo zina zooneka zatsopano, zonyezimira, zimene ukaziika zimakhala phee kwa kanthawi kenako n'kuphulitsa injini. Ndiye anati m'mtima mwake, limeneli ndilo dzina lake la zinthu zoterozo, ndipo mlamu wanga watopa kudikira.

Sanauze munthu. Akanauza ndani? Aliyense amene ankamudziwa pa boma anali m'bale wa Wilson, kapena mkazi wa m'bale wake, kapena wa kwaya.

Lachisanu Blackson anamuimbira kuti abwere adzaone. Anapeza chitamba chili pa benchi, chokulunga m'nyuzipepala, pambali pake pali bokosi lake lakuda ndi kathumba ka mabawuti.

"Mwayi wanu, mama. Ndachipeza."

"Mwachipeza kuti, a Msukwa?"

"Ku Karonga."

Dorothy anatola pepala limodzi n'kuliwongola pabondo.

"Ku Karonga anayamba liti kuwerenga nyuzi za Chiswahili?"

Blackson anati, "A ku Karonga nawonso amapikula ku Tanzania komweko, mama."

"Ndani wakuuzani kuti muchiitanitse? Ine ndinati ndikaganiza."

"Ndinangoti chisatiphonye."

"Ndinu achifundo."

Anachinyamula chipaipicho, anachigwedeza pafupi ndi khutu, anachilozetsa kudzuwa n'kusuzumiramo ndi diso limodzi. Anatsegula bokosi, anatulutsa fyuluta, anainunkhiza. Sanapeze kanthu, ndipo kusapeza kanthuko ndi kumene kunamuopsa kwambiri.

"Chimalowa bwanji pa galimoto?"

"Timaboola mudigadi apa, bowo lolowa nkhonya. Kenako timabowo ting'onoting'ono ta mabawuti m'mbali mwa galasi."

"Muboole galimoto ya amuna anga."

"Onse amene ali nacho anaboola."

"Ndipo mukaboola, sichingachokenso."

"Chikachoka patsala bowo, inde."

Dorothy anayenda kuzungulira galimoto n'kudzaima pamene chitamba chikanathera, pamwamba pa chitseko. Anatambasula mkono. Dzanja linafika.

"Ndiye kukamwa kwake kukhala apa, panja. Ine ndaimika galimoto pamsika, ndalowa m'golosale kukagula mchere. Munthu angathe kubwera ndi mchenga wodzaza dzanja n'kuthiramo?"

"Fyuluta ingaugwire. Koma angachite zimenezo ndani, mama?"

"Sindinafunse kuti ndani. Ndafunsa ngati zingatheke."

"Kutheka ndiye chilichonse chimatheka."

Blackson anandiuza kuti yankho limeneli amalidandaula mpaka lero, chifukwa anaona nkhope ya mayiyo ikutsekeka ngati chitseko. Dorothy anati achikulungenso chinthucho, ndipo anatenga makiyi n'kumapita.

Patapita masiku anabweranso, koma sanali yekha. Anali ndi bambo wina wa taye dzina lake Trevor, wa ku Mulanje, amene anatumizidwa kudzagwira ntchito mu ofesi ina ya boma pa Chitipa. Trevor anali ndi kagalimoto kakang'ono kofiira kodziwika tauni yonse chifukwa cha kulira kwake. Anakumana ndi Dorothy pothira mafuta, ndipo atangomva Chichewa cha wina ndi mnzake anayamba kufunsana za kumudzi ngati anakulira limodzi. Nkhani inafika pa galimoto, ndipo zinapezeka kuti Trevor ali ndi chipangizo cha mpweya chimene anaitanitsira mnzake wa pikapu, koma mnzakeyo anasamutsidwa katundu asanafike.

Anachitulutsa m'katoni pamaso pa Blackson. Inali paipi yaifupi yonyezimira ngati supuni yatsopano, kumapeto kwake kuli fyuluta yofiira yosongoka, yopanda bokosi, yongokhala poyera.

"Achemwali, ichi ndiye chinthu," anatero Trevor. "Injini imakoka mpweya wozizira mmene ikufunira, palibe chotchinga. Mukaponda moto pano pa boma, a ku Kapoka aziyamba kukuphikirani tiyi."

"Mpweya wozizira uchokera kuti, bwana," anafunsa Blackson, "chinthu chikukhala m'boneti, moyandikana ndi injini yotentha?"

"Pali kachitsulo aka kotchinga kutentha. Simunakaone?"

"Ndakaona. Ndimayesa ndi chivindikiro cha poto."

Trevor anaseka. Sanali munthu wokwiya msanga, ndipo Blackson akuti sanali wabodza. Anatembenukira kwa Dorothy n'kunena kuti, "Koma ndinene zoona, achemwali. Ine ndimayenda pa tala, Karonga n'kubwerera. Za fumbi la ku Nthalire sindikuzidziwa. Zimenezo afunseni amakaniko anuwa."

Dorothy anamuyang'ana Blackson. "Nenani."

"Ine sindinachiikepo pa galimoto ya kuthengo, ndiye sindinganame kuti ndinaona chikupha injini. Koma ndikachiyang'ana, ndi cha pa tala. Fyuluta iyi mukailozetsa kudzuwa kuwala kukudutsa. Fumbi lathu ndi losalala kuposa ufa. Ine ndikanakhala inu ndikanaika chitamba."

"Chija cha ku Karonga."

"Chomwecho."

"Mwachikonda kwambiri chitamba chimenechi, a Msukwa. Kaya chinakulonjezani chiyani."

Mmene Dorothy ankazionera, nkhani inali yosavuta. Chimene Blackson akuchinyoza ndicho chimene Wilson sakuchifuna. Cha Trevor sichinadutse m'manja mwa m'bale aliyense wa a Simbeye, sichifuna kuboola galimoto, ndipo chimakhala mkati, boneti ikatsekedwa palibe dzanja lofikako. Komanso mwini wake wanena yekha pamene sakudziwa, pomwe winayu wanama za Karonga maso ali gwa.

"Ikani ichi," anatero.

"Mama..."

"Ikani ndili pompano."

Anaimadi pompo mpaka ntchito inatha. Sipanala iliyonse imene Blackson anatola, maso a Dorothy ankaitsatira. Blackson atamanga kalampu yomaliza, mayiyo anapempha sikuludalaiva n'kuimanganso yekha. Atailiza, galimoto inabangula moti anthu ogulitsa makala kutsidya kwa msewu anatembenuka. Trevor anawomba m'manja. Dorothy anamwetulira, koyamba chimwalirire mwamuna wake, akutero Blackson.

Masabata oyamba zinthu zinkaoneka kuti zayenda. Galimoto inkamveka yamphamvu, kaya inalidi yamphamvu kaya linali phokoso chabe, koma zitunda za ku Misuku inkazikwera anthu a khofi akukuwa kumbuyo mokondwa. Tsiku lina Wilson anamupeza pothira mafuta.

"Mulamu, galimoto ikulira ngati ndege masiku ano. Mwaidyetsa chiyani?"

"Chimene simunagule inu, alamu."

Wilson anayang'ana mudigadi wosaboola uja, anayang'ana boneti, n'kunena kuti, "Muziitsegula pafupipafupi muziona."

"Ndiziitsegula ndili ndekha."

Ndipo kwa Blackson anasiyiratu kupita. Oyilo ankasintha yekha kunyumba, galimoto itaimikidwa pafupi ndi zenera la kuchipinda. Fyuluta yofiira ija ankaichapa ndi sopo monga anamulangizira Trevor, n'kuiyanika padenga la bafa.

Khofi atatha anatembenukira ku Nthalire, kukatenga nyemba ndi chimanga. Amene sanayendepo msewu umenewo m'chilimwe sangamvetse. Ukangopitirira Chisenga fumbi limakhala lofika m'akakolo, ndipo ukapezeka kumbuyo kwa lole umayenda ngati uli m'thumba la simenti, popanda podutsira. Mabampu ake amamasula ndi mano omwe. M'boneti fumbi limazungulira ngati m'chigayo, ndipo fyuluta ya Dorothy inali pakati pa chigayocho, kukamwa kuli yasa. Kugwedezekako kunang'ambanso mphira yolumikiza paipi, cha kunsi kumene diso silifika. Makaniko akanapisako dzanja akanaimva. Koma dzanja la makaniko linali loletsedwa.

Inayamba ndi kumwa oyilo. Kenako m'mawa inkavuta kulira, mpaka ana ankachita kuikankha asanapite kusukulu. Kenako utsi wabuluu. Dorothy anaganiza kuti wina akumuthirira zinthu m'thanki, ndipo anagula loko wa pachitsekero cha dizilo. Anasiya kuthira mafuta pamene ankathira kale chifukwa wothira wake anali mphwake wa mkazi wa Wilson. Anafunsa Trevor, koma Trevor anangokanda m'mutu, nati yake siinachitepo zotero, apite nayo kugalaja basi.

Sanapite. Inafera pa chitunda china kufupi ndi Wenya, dzuwa lili pamutu, itasenza matumba a nyemba. Inagogoda kangapo m'kati ngati munthu akumenya chitseko, kenako zii. Lole ya chimanga ndi imene inaikoka mpaka pa boma, ndipo poti panalibenso kwina, inakaitula kwa Blackson.

Blackson anaitsegula mayiyo ataima pomwe anaima tsiku lija. M'paipi yonyezimira muja munali fumbi lofiira lokhuthala, lomata ndi oyilo. Atachotsa mutu wa injini anamutenga chala n'kuchiyendetsa m'kati mwa silinda. Munali mizere ngati mwadutsa khasu.

"Injini yanoka, mama. Ifunika kutsitsa yonse, ipite ku Mzuzu."

"Ingayende osatsitsa?"

"Ngakhale kufika pageti apo singafike."

Kuti atsitse injini anachotsa matayala akutsogolo, n'kuikhazika galimoto pa miyala. Pa Chitipa nkhani siichedwa. M'mawa mwake Wilson anafika pagalaja, atavala jekete la kutchalitchi. Dorothy anali atakhala pa benchi, makiyi ali m'manja.

"Pepani, mulamu," anatero Wilson.

"Musandipepese. Mwapambana. Bomba lanu ndinalikana, koma mwapezabe njira ina. Ingondiuzani kuti munadzera pati, ndidziwe."

"Bomba liti?"

"La ku Tunduma. La Lachisanu. Lija munati ndisadziwe kuti lachokera kwa inu. Ndinali kuseri kwa malata awa, alamu, ndinamva zonse. Ndi inu a Msukwa, a Karonga inu."

Wilson ndi Blackson anayang'anana. Blackson analowa m'kachipinda ka zipangizo n'kutuluka ndi chitamba chija, chili chikulungire m'nyuzipepala zake.

"Bomba lake ndi ili, mama."

"Ndikudziwa kuti ndi limenelo. Chimene sindinachipeze ndi pamene munabisa chophera injini."

"Mulamu," anatero Wilson pang'onopang'ono, "bomba ndi paipi. Pa Chiswahili. Paipi iliyonse, ya madzi, ya mpweya, ngakhale mpopi wa pamsika. Kuno tonse amene timagula katundu kutsidya timatero."

"Mwalipeka msanga bodza limeneli."

Panjira pankadutsa mayi wina wa ku Tanzania wogulitsa zitenje. Wilson anakweza dzanja kuti amuitane, koma Dorothy anamuletsa.

"Ameneyo mwamusankha ndinu. Ndikafunsa wanga."

Ananyamuka, anawoloka msewu, anadutsa sitolo yoyamba ya zitsulo chifukwa mwini wake ankamudziwa Wilson, anadutsa yachiwiri, n'kukalowa yakumapeto kwenikweni kwa mzere. Blackson akuti ankamuona patali akuloza mapaipi apulasitiki oimikidwa pakhomo. Anatuluka, n'kukaima pa munthu wina wa njinga yamoto, n'kulozanso mpopi wa pamsika. Kenako anabwerera n'kudzakhala pa benchi pomwe paja.



"Nanga munabisiranji?" anafunsa Dorothy.

"Munalandirapo chiyani cha ine chimwalirire mng'ono wanga? Ndikanabwera nacho m'manja mukanachiponya m'dzala."

"Galimoto ikanayenda bwino, inu mukanapeza chiyani?"

"Ana a Vitumbiko akanadya."

"Chabwino. Ngati mtima wanu unali umenewo, ndithandizeni kuikonza, ikhalebe m'manja mwanga. Chitamba chanucho tiike. Ndiboola ndekha mudigadi."

Wilson anayang'ana pansi. Anachotsa kaudzu pa jekete lake.

"Zimene tinapangana pamaso pa akuluakulu, mulamu, sindingazisinthe ndekha pagalaja."

"Mungathe kukawauza."

"Anganene kuti ndikusewera nawo."

Dorothy anachotsa kiyi wa kunyumba pa kawaya, n'kuika otsalawo pa benchi, osati m'manja mwa Wilson. Anatenga chitenje chake chimene chinali pampando wa dalaivala, ndi kapu ya mwamuna wake, n'kutuluka pageti.

Wilson anaikonza galimotoyo, ndipo ikuyenda. Blackson akuti ana amawathandizadi, fizi ndi chimanga sizisowa, zimenezo palibe angatsutse. Dorothy sanabwerere ku Chiradzulu. Ali ndi benchi ya nyemba mumsika, ndipo nyemba zake zimabwera pa lole ya munthu wina.

Blackson anathera pamenepo, n'kunena kuti mayi uja anadzipha yekha ndi makutu ake, liwu limodzi lokha. Ine ndinavomera ndi mutu. Koma ndinali nditakhala pagalajapo kuyambira m'mawa, ndipo aliyense wa konkuno amene analowa, kaya wofuna mpweya wa tayala kaya wongopereka moni, Blackson ankalankhula naye Chilambya, apo ayi Chitumbuka. Chichewa ankachitulutsira ine ndekha, mlendo. Ndiye ndinamufunsa ngati Dorothy ankamva Chilambya.

"Ayi, ngakhale pang'ono."

"Nanga zija anazimva bwanji kuseri kwa malata?"

"Tinkalankhula Chichewa."

"Inu ndi Wilson, muli awiriwiri?"

"Anayamba ndi iyeyo. Ine ndinangoyankha mmene wayambira."

"Amatero masiku onse?"

Blackson anatola nsanza n'kuyamba kupukuta sipanala imene inali yoyera kale. Anati sakukumbuka bwino, pakhala nthawi.

Ndinayang'ana mpanda wa malata uja. Sufika pansi. Pali mpata woti munthu amene ali mkati amaona mapazi a aliyense wodutsa pa kanjirako, ndipo mapazi akaima amaoneka kuti aima.

Zoti bomba ndi paipi ndinakafunsa ndekha, ndi zoona. Zoti chitamba chikanaipulumutsa injiniyo, mwina ndi zoonanso. Koma zoti Wilson sankadziwa kuti mlamu wake waima kuseri kwa malata akumvetsera, zimenezo ine ndikukayika.